Kampata ka Chala Chimodzi

Ndinamuuza asanamasule n'komwe zimene anagulazo. Ndinati, "Mwanawe, chita zonse zimene mtima wako ukufuna, koma pakati pa makatani akowo usiyepo kampata. Ka chala chimodzi chokha basi. Dzuwa usalitsekere kunja lonse."

Iye anaseka uku akuvula nsapato pakhomo. "A Samala ayambapo. Ndangofika kumene, agogo, ndipumeko kaye."

Samala ndi dzina limene anandipatsa mdzukulu wangayu, chifukwa akuti pakamwa panga sipatuluka mawu ena. Samala masitepe, samala ketulo, samala galimoto yobwerera m'mbuyo, samala munthu amene akukusekerera pamene sakukudziwa. Sindikana ayi. Ndinabereka ana asanu ndi mmodzi, anayi ndinawaika m'manda, ndipo mayi ake a iyeyu ali m'gulu lomwelo. Munthu wotere saona mpeni uli m'mphepete mwa tebulo n'kungodutsa.

Mdzukulu wanga ankagwira ntchito ya usiku kufakitale yophika buledi. Ankanyamuka madzulo dzuwa lisanalowe, n'kubwera m'mawa akununkhira isiti, fulawa ali m'nsidze ngati nkhalamba inzanga. Malo ake anali pauvuni: kulowetsa mashelefu a buledi, kuwatulutsa pa nthawi yake. Munthu wa ntchito yotere amayenera kugona masana. Koma chisamukireni m'chipinda cham'mwambachi, miyezi iwiri yathunthu, mwana sanagonepo tulo toti n'kutchula.

Vuto linali zenera. Ine ndaona mazenera ambiri, koma lotere ayi. Khoma limayenda bwinobwino, kenako limatulukira kunja ngati mimba, n'kukhala ndi magalasi mbali zitatu: lakumanzere lopendekeka, lapakati lalikulu, lakumanja lopendekekanso. Chipinda n'chaching'ono, ndiye bedi lake linalowetsa mutu m'mimba momwemo. M'mawa dzuwa limalowera kumanzere, likatopa kumeneko limasamukira pakati, madzulo kumanja. Tinayesa kukoleka zofunda pamisomali, zinagwa. Tinayesa chingwe, chinalendewera pakati, kuwala n'kumadutsa pamwamba. Ndodo yowongoka sikanalowa pamalo okhota chotero. Anayesa kumanga mpango kumaso, koma ankadzuka thukuta lili chuchuchu, mutu ukumuwawa.

Sabata ya m'mbuyo mwake anawodzera chiimirire pafupi ndi uvuni. Buledi wa shelefu yonse anapserera, ndipo chitsulo chinamuwotcha pamkono, chilonda chachitali ngati chala changa chapakati. Kapitawo wake anamuitanira mu ofesi n'kumusainitsa pepala. Akadzangolakwanso kamodzi, kaya kuwodzera, kaya kuchedwa, kaya kujomba, asadzavutikenso n'kubwera. Ndipo ntchito imeneyo ndiyo inkatisunga tonse awiri.

Tsono panali chinthu chimene iye sankachidziwa. Foni yake ikalira kuti adzuke, ankaizimitsa ali m'tulo osazindikira, choncho womudzutsa ndinali ine. Anandigulira wotchi ya pakhoma, ya manambala akuluakulu, n'kundiuza kuti, "Ikakwana hafu folo, agogo, muzindigwedeza." Ine ndinavomera ndi mutu. Kusukulu sindinapondeko ngakhale tsiku limodzi. Zoti sinditha kuwerenga kalata ankadziwa, koma wotchi ankaganiza kuti aliyense amabadwa akuidziwa. Timivi take ndimationa tikuzungulira, koma zimene timanena sindizimva. Ndinachita manyazi kumuuza. M'nyumba muno iye ndiye wobweretsa chakudya, wolipira lendi, wowerenga mapepala a kuchipatala. Ntchito yanga inali imodzi yokhayo.

Ndinali ndi wotchi yangayanga. Madzulo kuwala kunkapendekeka n'kumayenda pansi pang'onopang'ono, kudutsa mwendo wa tebulo, kukwera kabati ya zovala. Kukangokhudza chogwirira cha kabati, ndinkapita kukamugwira phazi. Iye ankatsegula diso limodzi, kuyang'ana kukhoma, n'kunena kuti, "Ndendende. Inu ndiye simuphonya." Tsiku la mitambo ndinkamudzutsa msanga, akadandaula n'kumuuza kuti mabasi avuta masiku ano. Kampata kamene ndinkapemphako kanali ka ntchito imeneyo. Koma chifukwa chake ndinachisiya m'mimba. Ndinangotulutsa chenjezo lokha, pamene machenjezo anga anali atachuluka kale m'nyumbamo kuposa mbale.

Zimene anagula zinali njanji ziwiri za chitsulo chopepuka, zoyera, zazitali kuposa chitseko, zokhala ndi kangalande m'kati moyendamo timawilo. Anabwera nazo wapansi atazisenza paphewa, chifukwa kondakitala anakana nazo m'basi. M'thumba munali timawilo tomweto, timbedza, masikuluwu ndi zogwirira zokhomera kusiling'i. Makatani anali atabwera kale kuchokera kwa telala, obiriwira modera, olemera ngati mwana wa chaka, kumbuyo kwake nsalu yakuda bii.

"Gona kaye," ndinatero. "Munthu amene wachezera usiku wonse sakwera makwerero. Itana mmisiri."

"Mmisiri akuti abwera Lachiwiri. Lachiwiri la mwezi uti, sananene. Agogo, ndikapanda kugona lero, mawa mukandipeza m'kati mwa uvuni pamodzi ndi buledi."

"Pakamwa pakopo! Zoterozo sanena."

Makwerero ndi makina oboolera anabwera nazo bambo oyang'anira nyumba, amene tonse timawatcha a Makiyi chifukwa cha mulu umene umalira m'chiuno mwawo. Anaima pakhomo, kuyang'ana zenera, kuyang'ana njanji, n'kupukusa mutu.

"Achemwali, zenera ili linagonjetsa amuna awiri amene anakhala muno inu musanabwere. Wachiwiriyo anathyola njanji zitatu, mapeto ake anangomata manyuzipepala."

"Ndiye kuti linkadikira mzimayi," anatero mdzukulu wanga.

"Chabwino. Koma mukaboola waya wa magetsi musaitane ine, muitane abusa."

"Wamva?" ndinakuwa. "Waya! Ine ndimanena chiyani?"

A Makiyi anaseka mpaka makiyi kulira, kenako anamulozera mmene waya anayendera, kuchokera pababu kupita kuchitseko, kutali ndi zenera. Anatsika masitepe akusekabe.

Mwana anaimika foni pazenera ataitsamiritsa pakapu. M'fonimo munali bambo wina wa manja aubweya, akukhoma njanji pazenera longa lathuli. Akamaliza, iye ankamukhudza ndi chala, bamboyo n'kuyambiranso pachiyambi, osadandaula. Ndinakoka chofunda n'kuphimba zovala zam'kati zimene zinali pampando.

"Sakukuonani, agogo."

"Ukudziwa bwanji?"

Chipinda chathu chili ndi soketi imodzi yokha yogwira ntchito. Anazulapo chaja cha foni n'kulowetsapo makina oboolera. Ndinaona ndi maso angawa, koma pa zonse zimene ndinachenjeza tsiku limenelo, chimenechi sindinachinene.

Tinakoka bedi kulichotsa pazenera. Kenako anachita chinthu chimene bambo wa m'foni sanachite. Anatenga matumba a pepala a fulawa amene anabwera nawo kuntchito, kuwang'amba, kuwayala pansi m'mimba mwa zenera, kuwalumikiza ndi tepi, n'kudula m'mphepete motsatira khoma. Atanyamula, zenera lonse linali m'manja mwake, lapepala, makona ake onse ali pomwepo. Ndinangoti kukamwa yasa. Analipinda pakati, mbali ziwirizo zinakana kukumana.

"Mwaona? Yakumanzere ndi yaitali ndi zala zitatu. N'chifukwa chake amuna aja ankathyola njanji. Ankayeza mbali imodzi, inayo n'kungoikhulupirira."

"Zimenezi anakuphunzitsa ndani?"

"Palibe. Ndangoganiza."

Anakwera makwerero ndi kathabwa ndi pensulo. Kathabwako anakagunditsa kukhoma, pensulo m'mbali mwake, n'kuyenda nazo pamodzi, mzere n'kumabadwa pasiling'i, wotalikirana ndi khoma mofanana paliponse. Ine ndinagwira makwerero ndi manja awiri mpaka zikhadabo kuyera.

"Samala phazi. Samala chigongono. Osayang'ana pansi."

"Ndikuyang'ana kumwamba, agogo, ntchito ili kumwamba."

Anavala magalasi a dzuwa kuteteza maso, n'kuyatsa makina. Kulira kwake kunandilowa m'mano amene ndatsala nawo. Fumbi loyera linamugwera kumaso, m'khosi, pachilonda chomwe chija. Ndinafuna kutseka maso, koma ndani akanamuyang'anira? Ndiye ndinayang'ana. Ndinaona mikono imene sindinkaidziwa. Mwana ameneyu ndinamubereka kumbuyo usiku ndi usana akulira ndi khutu, timiyendo tili ngati timitengo ta machesi, anthu akundiuza kuti ndisamuwerengere. Lero anali ataima pamwamba panga, mikono yokankha mashelefu yatukuka, akuboola konkire ngati akubaya dzungu. Sankanjenjemera. Wonjenjemera ndinali ine, ndipo makwerero ankanjenjemera chifukwa cha ine.

"Agogo, mukapitiriza kundigwirira chonchi ndigwadi. Gwirani ndi dzanja limodzi, linalo mundigwirire mbale, fumbi lizigweramo."

Mabowo anakwana khumi ndi anayi. Kuwerenga zinthu ndiye ndimatha. M'bowo lililonse analowetsamo kapulasitiki, kukagogoda ndi hamala, n'kumangirirapo chogwirira ndi sikuluwu. Pafupi ndi makona anaika ziwiriziwiri moyandikana.

"Pokhota m'pamene katani imakoka kwambiri," anatero, ngati munthu woti wakhala akukhoma njanji chibadwire.

Kenako inafika ntchito imene inagonjetsa amuna aja. Njanji yowongoka inayenera kukhota ngati khoma. Bambo wa m'foni ankaipinda pabondo, akumwetulira. Mwana anaika chizindikiro ndi pensulo, kuika njanji pabondo, n'kukoka. Inapindika, koma mwaukali, ngati chigongono. Analowetsa kawilo kamodzi n'kukakankha. Kanayenda bwino mpaka pakona, pamenepo kanaima nji. Anakankha ndi mphamvu, kanakana.

Anakhala pansi pamapepala paja, maso ali psuu. Mawu oti "ndinakuuza" anafika palilime panga, ndinawameza. Anayezanso ndi tepi, milomo ikuyenda.

"Ndikadula popindika moipapa, yotsalayo ikwana. Koma ndendende. Ikalakwikanso, basi."

Kenako anatembenukira kukhitchini. Ndinaganiza kuti akufuna madzi.

"Agogo, poto wathu wamkulu uja. Wowiritsira zovala."

Anamuvundikira papepala, pakona penipeni, mimba ya poto n'kugwirizana ndi mzere.

"Khalanipo."

"Ine? Papoto?"

"Mukhale ndithu, asasunthe. Lero kulemera kwanu kwapeza ntchito."

Ndinakhala papoto, munthu wamkulu, chitenje chili m'manja. Iye anadula popindika moipa paja, kugwada, kugunditsa njanji pamimba ya poto, n'kuyamba kuikoka. Sanaikoke kamodzi. Ankakoka pang'ono, kusuntha manja, kukokanso pang'ono, kusisita, ngati mmene amachitira ndi mtanda wa buledi. Ankailankhula chapansipansi. Ndipo chitsulo chinavomera. Ndinachimva pansi panga, poto akunjenjemera pang'ono, njanji ikukumbatira mimba yake mwaulemu, popanda kulira, popanda khwinya. Ine ndinakula ndikudziwa kuti chitsulo chimapindidwa ndi moto ndi nyundo, ndi amuna ovula malaya. Apa panalibe moto. Panali mwana wosagona, poto wowiritsira zovala, ndi matako a nkhalamba.

Anaiika papepala, inagona pamzere ngati inabadwira pomwepo. Analowetsa kawilo kumapeto, kupendeketsa njanji. Kawilo kanatsetsereka kokha, kufika pakona, kukhota osafunsa munthu, n'kukagwera m'dzanja lake mbali inayo.

"Ee!" Mawuwo anatuluka okha. "Tachitanso."

Anachitanso. Kanayi konse. Tinkaseka ngati ana opusa.

Foni inali itazima nthawi imeneyo, bambo uja atapita osatsanzika. Sitinamusowe. Njanji yachiwiri inapindika mofulumira. Anadula zotsalira zake ndi macheka a zitsulo, kukhula kumapeto ndi mwala wanga wonolera mipeni kuti pasakhale pokanda nsalu, n'kukwera nazo kumwamba. Iliyonse inalowa m'zogwirira zake ikulira khethe, khethe, khethe. Kumapeto anazikhotetsa kuti zikagunde khoma, n'kutseka ndi tizitsekerero kuti timawilo tisagwe.

Pamenepo m'pamene ndinaona pakati. Njanji ziwirizo sizinakumane mutu ndi mutu. Ina inadutsa kutsogolo kwa inzake, kupitirira ndi utali wa dzanja lathunthu.

"Apo walakwitsa," ndinatero, mtima ukuyembekezera kuti walakwitsadi.

"Ndachitira dala. Katani ina izibisa inzake, pasadutse kuwala ngakhale kwa nsonga ya singano."

"Chala chimodzi, mwanawe. Ndakupempha."

"Bwanji kodi? Mukuopa mdima, akuluakulu ngati inu?"

"Mpweya," ndinanama.

"Mpweya ulowa pansi pa chitseko." Anatsika sitepe imodzi n'kundiyang'anitsitsa. "Kapena pali china?"

Mawu anakwera mpaka pakhosi. Akanangodikira pang'ono akanatuluka. Koma iye anacheukira kukhoma n'kunena kuti, "Taonani, wani koloko yakwana kale."

Ine ndinayang'ana wotchi ija ngati mnzanga wakalekale. "Eya," ndinatero. "Nthawi yathamanga."

Tinabwezera bedi pamalo pake. Timbedza anatikoleka kamodzikamodzi m'timawilo, ine ndikunyamula kulemera kwa nsalu m'munsi kuti isamukokere pansi. Atamaliza anatsika n'kupukuta nkhope ndi malaya.

"Tsekani ndinu, a Samala."

Ndinagwira m'mphepete mwa katani yakumanzere ndi zala ziwiri, poopa kuti zonse zindigwera pamutu. Ndinangokoka pang'ono. Nsalu yolemera ija inanditsatira ngati ilibe thupi, kukhota pakona, kaphokoso kake ngati mpunga ukuthiridwa m'mbale. Theka la chipinda linazima. Ndinapita kumanja, kukokanso. Katani inalowa kuseri kwa inzake.

Kunada.

Sindikunena mthunzi ayi. Ndinakweza dzanja langa pamaso, osaliona. Kunja kunali masana enieni, dzuwa lili paliwombo, anthu akutuluka thukuta mumsewu, koma muno munali usiku. M'tauni muno mdima kulibe. Usiku magetsi a mumsewu amalowa, magalimoto amajambula makoma, kanthu kofiira ka pasoketi kamakuyang'ana. Mdima wotere ndinausiya ndili mtsikana, ndipo ndinkaganiza kuti unatha padziko. Tsono unali pano, wofewa, wozizirira, wopangidwa ndi mwana wa mwana wanga. Ngakhale phokoso la mumsewu linabwerera m'mbuyo, ngati likulankhulira m'madzi. Ndinkadziwa mmodzi yekha wolekanitsa usana ndi usiku, ndipo sindinaganizepo kuti amabwereketsa ntchito imeneyo kwa anthu a pauvuni.

"Agogo, muli pati?"

"Ndili pano. Sindikudziwa kuti pano m'pati."

Anaseka, ndinamva bedi likulira atadzigwetsapo ndi zovala za fumbi zomwezo.

"Hafu folo. Mukafuna kuona wotchi mutsegule chitseko cha kukhitchini pang'ono, kuwala kukwana."

"Mwanawe," ndinatero. "Tamvera."

Mpweya wake unali utasintha kale, wautali, wochokera pansi pamimba. Miyezi iwiri ndinali ndisanaumve mpweya umenewo. Kumudzutsa kuti ndimuuze za manyazi anga? Ndinati ayi, ndipeza njira.

Ndinapapasa mpaka kupeza mpando wanga. Ndinaganiza zoti ndizisuzumira kunja pafupipafupi. Patapita kanthawi ndinanyamuka, kuponda sikuluwu, kugunda makwerero ndi phewa, kufika pazenera. Nditangopatula nsalu pang'ono, kuwala kunalowa ngati mpeni n'kumudula pankhope penipeni. Anabuula, kudziphimba ndi mkono wa chilonda uja. Ndinatseka msanga. Ndinati chabwino, ndimvetsera ana a sukulu. Akamadutsa pobwerera kwawo, nthawi imakhala yayandikira.

Ndinakhala pampando, makutu ali tcheru. Koma nsalu ija inkamwa phokoso lonse. Chomveka chinali mpweya wa mwana ndi wotchi ija ikudzilankhulira yokha kukhoma.

Ine masana sindigona. Ngakhale usiku ndimadzuka katatu kukagwira chitseko, kununkhiza ngati gasi akutuluka, kumvetsera masitepe. Maso anga chibadwire cha mwana wanga woyamba akhala ali pantchito. Tsiku limenelo anasowa choti alondere. Kunalibe mpeni, kunalibe ketulo, kunalibe msewu. Mwana anali pano, wamoyo, wosagwa pamakwerero, akupuma. Mapewa anga anatsika okha. Ndikukumbuka ndikuganiza kuti, kodi anthu ena amakhala chonchi masiku onse?

Ndinadzidzimuka kamodzi. Kunali mdima womwe uja, mwana akupuma chimodzimodzi. Ndinati ndangophethira, ana a sukulu sanadutse. Mdima wa katani ndi mdima wa Mulungu sindinathe kuusiyanitsa. Ndinatsamiranso.

Chimene chinandidzutsa chinali tsache. Shwa, shwa, pamasitepe, ndi kulira kwa makiyi. A Makiyi amasesa kamodzi patsiku, ndipo si madzulo.

Ndinafika pazenera osadziwa mmene ndayendera. Katani inatseguka mofewa ngati dzulo, yosalakwa kanthu. Dzuwa linali pagalasi lakumanzere. Mumsewu ana a sukulu ankadutsadi, koma malaya ali oyera, nkhope zowala mafuta, akupita. Kutsidya kwa msewu, pagolosale, galimoto ya kufakitale kwawo inali itaima, anthu akutsitsa makireti a buledi.

Mwana anadzuka yekha, kudziwongola mpaka mafupa kulira. Nkhope yake sindidzaiwala. Kutupa kwa m'maso kunali kutaphwa, khungu lili see, ngati wabwezeredwa zaka khumi.

"Mayo, ndagona bwino bwanji," anatero. "Ngati ndinafa."

Kenako anaona kumene kuwala kunkachokera.

Sanakuwe. Anatenga foni, inali yakufa. Anazula makina oboolera, kulowetsa chaja, n'kuima chiimire mpaka inayaka. Inayamba kulira motsatizana, kulira, kulira.

"Kapitawo. Kakhumi ndi kamodzi." Anayang'ana wotchi, n'kundiyang'ana ine. "Agogo, munadwala? Munagwa?"

"Ndinagona."

"Inu? Nanga musanagone, wotchi inkati bwanji?"

"Sindikudziwa, mwanawe. Ndimaiona tsiku lililonse, koma chilankhulo chake sindichimva."

Anakhala pabedi pang'onopang'ono.

"Miyezi iwiri yonseyi munkandidzutsa bwanji? Simunaphonyepo."

Ndinapita pakabati, kuika chala pachogwirira. Ndinamusonyeza njira ya kuwala, kuchokera pamwendo wa tebulo, kukwera thabwa, kufika apa. Anatsatira chala changa ndi maso, kenako anayang'ana kumwamba, pamene njanji zake zinapitirirana mokongola muja. Anagwira pakamwa. Sindinadziwe ngati akuseka kapena akulira, ndipo ndikuganiza kuti nayenso sankadziwa.

"Mukanangonena, agogo."

"Ndinanena."

"Munati mpweya!"



Anasamba mofulumira, kuvala diresi lake la kutchalitchi, kumanga chilonda ndi bandeji yatsopano. Pakhomo anaima ngati akudikira kanthu. Ndinazindikira kuti akudikira kuti ndinene za masitepe ndi magalimoto. Ndinangomugwirira chitseko. Anatsika.

Ndinasesa fumbi la siling'i, kutola masikuluwu otsala n'kuwaika m'kapu, kutsuka poto. Makwerero ndi makina ndinakasiya pakhomo pa a Makiyi. Iwo anakwera okha kudzaona, n'kukoka katani uku ndi uku kasanu, akuyang'ana pamakona, akuimba mluzu chapansipansi.

"Mayi, mdzukulu wanuyu ndi mmisiri," anatero. "Ali kuti ndimugwire chanza?"

"Wapita kuntchito."

"M'mawa uno?"

Ndinayamba kupukuta poto, ndipo iwo sanafunsenso.

Mwana anabwera dzuwa lisanafike pagalasi lapakati. Ndinamva mapazi ake pamasitepe, osathamanga. M'manja anali ndi thumba la pulasitiki. Analiika patebulo n'kutulutsamo kapu yake ya tiyi, thaulo laling'ono, ndi loko wa kabati yake ya kuntchito, kiyi ali pomwepo.

"Akuti chiyani?" ndinafunsa.

"Sanandipatse n'mpando womwe. Pepala lija linali kale patebulo." Anakhala pabedi n'kuyamba kumasula zingwe za nsapato. "Pauvuni aikapo munthu wina. Ine akuti ndibwere kunyumba ndidzapitirize tulo tanga."